Nangula amene anagwira tenti

Ndinadzuka kusanache. Sindinganene kuti ndinagona. Ndinangotsamira khoma la pakhonde, ndipo nditatsegula maso moto wa abambo pabwalo unali utasanduka phulusa. M'nyumba amayi a mpingo ankaimbabe, mawu atasasa. Mwera unkawombabe, tsiku lachinayi.

Mkazi wanga anamira pa nyanja ya Chiuta. Ankagula nsomba kwa asodzi pamadzi pomwepo n'kumakagulitsa ku Ngokwe ndi ku Nsanama. Bwato linali la banja lawo, lamatabwa, laling'ono, ndipo ankapalasa ndi mlongo wake, mlamu wanga. Lolemba mphepo inawapeza pakati pa nyanja. Anaponya nangula kuti bwato liyang'ane kumene mafunde akuchokera mpaka mphepo ichepe. Nangulayo sanagwire. Bwato linatembenukira cham'mbali, madzi analowa, linagubuduka. Mlamu wanga anakangamira bwatolo mpaka asodzi anamutola. Mkazi wanga anamupeza Lachitatu m'mabango.

Chimene ankachitchula kuti nangula chinali mwala wobulungira wokulungidwa ndi waya. Ine ndimaphunzitsa pa sekondale cha ku Ulongwe, ndipo kumudzi kwa mkazi wanga ndinkabwera kumapeto kwa sabata. Miyezi iwiri yapitayo ndinakwera nawo bwatolo, ndipo ndinaona mwalawo ukutsetsereka pa kamphepo kochepa chabe. Pansi pa Chiuta ndi matope oterera, mwala ulibe pogwira. Nditabwerera ku Ulongwe ndinapita kwa wowotcherera zitsulo, anandipangira nangula wa mano anayi opindika, oti azilowa m'matope. Ndinamangirira tcheni chachifupi ndi chingwe chachitali, n'kubwera naye pa minibasi.

Amalume a mkazi wanga, omwe ndi eni mbumba pamudzi pano, anamunyamula, anamutembenuza uku ndi uku, kenako anaseka. Anati chitsulo chimang'amba maukonde ndipo chimakola m'zomera za pansi. Anati makolo awo anawoloka nyanjayi ndi mwala, za kusukulu ndizizisiya kusukulu. Ine ndine mkamwini. Mkazi wanga anandigwira mkono kuti ndisayankhe. Nangulayo ndinakamuika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe.

Kutacha, amayi anakoleza moto pamafuwa kumbuyo kwa bwalo. Utsi sunkakwera, unkangokwawa pansi n'kulowa m'maso mwa anthu. Adzukulu anapita kumanda ndi makasu, ena mwa iwo Asilamu a mudzi woyandikana nawo. Kenako anthu anayamba kufika: amayi ogulitsa nsomba anzake, abale anga ochokera ku Balaka, aphunzitsi anzanga pa kagalimoto kotsegula kumbuyo, atatuwa ndi fumbi. Asodzi anabwera onse, chifukwa chiyambireni mphepoyo palibe amene anapita kukasodza. Aliyense ankandigwira dzanja n'kunena zofanana: mphepo, chifuniro cha Mulungu. Ndinkathokoza.

Cha m'ma eyiti anayamba kukhoma tenti yoti akuluakulu akhalemo. Dothi la pano ndi lamchenga. Akakhoma zikhomo, mphepo inkazizula. Tentiyo inagwa kawiri, kachiwiriko inagwera mipando ya akulu a mpingo. Abambo anasaka chinthu cholemera choti agwiritsire chingwe cha mbali yochokera mphepo. Amalume aja ndi amene anauza bambo wina kuti akayang'ane kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe.

Anabwera ndi nangula wanga uja. Anali atayamba dzimbiri, koma chingwe chake chinali chatsopano, chisanalawepo madzi. Analowetsa mano awiri mumchenga, amalumewo anapondapo ndi phazi, anakoka chingwe kuti aone. Ndinawamva bwinobwino akuuza anzawo kuti, "Ichi ndiye sichizuka." Sanandiyang'ane. Tentiyo sinagwenso tsiku lonse.

Pa maliro mwamuna wake wa malemu salankhula. Mawu ake amadzera mwa ankhoswe, ndipo ankhoswe anga ndi achimwene anga aakulu. Ndinawaitanira pambali. Ndinawaonetsa nangulayo, ndinawafotokozera zonse, n'kuwapempha kuti akaimirira m'malo mwa banja lathu akanene mawu awiri okha: kuti nangula wogwira analipo, ndipo anakanidwa. Sindinkafuna mlandu. Ndinkafuna kuti mkazi wanga asakwiriridwe ndi bodza, ndiponso kuti asodzi amene anadzaza bwalolo amve.

Achimwene anati, "Iwe, mwana wako akulira pamudzi pano, m'manja mwa anthu amenewa. Ukufuna uzidzamuonera pamsewu?"

Mwana wathu wamkazi ali ndi zaka ziwiri. Malinga ndi mwambo wa kuno, ndi wa kuchikazi. Ndinawauza kuti zimenezo ndikuzidziwa. Iwo anati ngati ndikuzidziwa ndikakhale pansi.

Mwambo unayamba dzuwa lili pamutu. Kuona nkhope kunalibe, chifukwa thupi linakhala m'madzi masiku awiri. Bokosi analitulutsa lokhomakhoma n'kuliika kutsogolo kwa tenti. Amalume anaimirira kufotokoza chimene chatenga mwana wawo. Analankhula bwino, mosathamanga. Anatchula tsiku, anatchula nthawi imene bwato linanyamuka, anathokoza asodzi amene anafufuza m'mabango. Anati mphepo ngati ija iwo sanaionepo chibadwire, ndipo palibe chimene munthu akanachita. Anthu anavomereza chapansipansi. Ankalankhula ataima pamthunzi wa tenti, chingwe chija chitakungika kumbuyo kwawo.

Achimwene anga anaimirira pambuyo pake. Anathokoza banja chifukwa chotisungira bwino m'bale wathu, anapepesa, anakhala pansi. Mkulu wa mpingo analalikira za namondwe. Sindikukumbukira zambiri.

Kumanda ndi kamtunda pang'ono, kudutsa m'minda ya thonje yokolola kale. Abambo ankalandirana bokosi paphewa. Amayi awiri ankayenda m'mbali atagwira nsalu yophimba bokosilo kuti isauluke. Nyimbo inkayambira kutsogolo, koma mphepo inkaibalalitsa isanafike kwa ife. Kuchokera pachitunda nyanja inkaoneka, yotuwa, yopanda bwato ngakhale limodzi. Mlamu wanga ankayenda payekha kumapeto kwa mzere. Chimutolereni m'madzi anali asanalankhule ndi munthu.

Atakwirira, anayamba kuitana oyala nkhata. Woyamba ndinali ine. Ndinaimirira pamutu pa manda, nkhata ili m'manja, anthu onse ali chete. Panalibe amene akanandiletsa. Mawu ndinali nawo, ndinali nditawakonza kuyambira m'mawa, ndipo anali ochepa. Ndinakweza maso n'kuona mwana wanga ali kumsana kwa mng'ono wa amayi ake, akuseweretsa mpango wa kumutu kwake. Pambali pawo panaima amalume.

Ndinayala nkhata. Mphepo inaikankha, mdzukulu wina anaikapo chibuma kuti isachoke. Ndinabwerera pamalo panga.

Titabwerako anthu anasamba m'manja, anadya, anayamba kutsanzika. Aphunzitsi anzanga anati ndisafulumire kubwerera kuntchito. Amalume anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndaonetsa ulemu, ndipo pamudzi pano ndi kwathu, ndizibwera kudzaona mwana nthawi ina iliyonse. Ndinati zikomo.

Dzuwa likulowa bwalo linali litatsala ndi phulusa ndi mapazi a anthu. Ndinalowa m'nyumba. Amayi a mpingo aja anali atatulutsa mipando yonse kuti apeze malo ogona, ndiye munali mbee. Pakona panali mabeseni atatu a mkazi wanga osanjikizana, akununkhabe nsomba. Mwana anali atagona kwa agogo ake. Ndinakhala pamphasa.

Mlamu wanga anaodira pakhomo, analowa, anakhala pansi chapatali. Kenako analankhula osandiyang'ana.

"Alamu, mwala uja unkangokhwekhwereka. Ndinkaumva m'manja. Achemwali anandifunsa kuti wagwira? Ndinati eya."

Anati mphepoyo inali yamphamvu, koma anakumanapo ndi yoposa pamenepo. Anati akanakhala ndi chogwira pansi akanadikira, ikanapita.

Ndinamufunsa ngati angakanene zimenezi pamaso pa amalume ake.

"Iyayi," anatero.

Sindinamukakamize. Ndinalibe nkhope yomukakamizira. Anakhala pang'ono, anatsanzika, anatseka chitseko pang'onopang'ono ngati muli munthu wogona. Tinali awiri odziwa, ndipo tonse tinali titasankha kale.