Ndinakwatiwa mu Shapa ya ku Chimbonila

Tinanyamuka ku Lulimile, mumzinda wa Lichinga, m'mawa, chifunga chisanathe, kuzizira kwa Juni kukuluma makutu. Tinali atatu: ine Felisita, mlongo wanga Tomasi, ndi Saide, amene anthu amamudziwa ngati mnzake wa Tomasi wogawana naye lendi. Ulendo unali wa ku Chimbonila, kukathandiza amayi kukumba mbatatesi.

Zoona zake, awiriwa si a lendi chabe. Amakondana, ndipo amakhala ngati banja. Tomasi anandiuza yekha, misozi ili mbwembwembwe, nandichonderera kuti amayi asadzamve kwa wina koma kwa iye mwini, tsiku limene mtima wake udzalimbe. Ine ndinadziguguda pachifuwa: "Usaope, ine ndine manda." Manda ake ati! Kunyumba kwawo chitseko chikatsekedwa, Saide ndimamuitana kuti alamu, ndipo lilime linazolowera.

Njinga zamoto zinatitula pokwerera shapa, minibasi zathu za kuno. Kondakitala anatilipiritsa sinkwenta, ndalama makumi asanu, aliyense, n'kutipanikiza anayi pampando wa atatu, ine nsomba zouma za munthu wosamudziwa zili pamiyendo. Saide anapeza malo kutsogolo. Kumbuyo kwanga kunakhala Dona Roza, woimba kwaya limodzi ndi amayi, mayi wodziwa ngakhale nkhuku imene yaikira kwa eni.

Titadutsa mitengo ya paini kunja kwa tauni, shapa inaima, atsikana n'kuunjikana pamawindo ndi chimanga chootcha. Ndinagula zitatu. Ndiye ine, manda uja, ndinakweza mawu:

"Alamu, landirani chanu!"

"Alamu?" Anatero Dona Roza, mpweya wawo ukundifika m'khosi. "Felisita, kwanu munabadwa awiri, iwe ndi Tomasi. Mchemwali ulibe, mwamuna ulibe. Ulamuwu wadzera kuti?"

Tomasi anauma gwa, maso pawindo. Boma la kuno kwathu masiku ano silimanga munthu pa zoterezi, koma malilime akumudzi alibe khoti la apilo. Ndinaona mlongo wanga akutaya amayi ake pakati pa msewu, chifukwa cha chimanga changa. Ndinachita mantha zedi.

"Ndi... ndi mng'ono wawo wa amuna anga."

"Amuna ako! Mayo ine! Dzina lawo?"

"A Amade."

"Msilamu? Amagwira ntchito yanji?"

"Amayendetsa lole ya ku Kuwamba."

Bodza lilibe mabuleki. Pofika pokwerera potsatira, amuna anga anali ndi ndevu, lole yofiira, ndi zilonda za m'mimba zowaletsa kuyendera apongozi. Saide naye, m'malo mondileza, anatembenuka mwaulemu: "Achimwene ndi amanyazi kwambiri, mama." Dalaivala anaimba hutala, n'kundifunira mafuno abwino: "Parabenzi, mana, mchemwali wathu!" Agogo ena anandiombera m'manja, n'kundilangiza kuti mwamuna wa pamsewu amafuna madzi otentha akafika. Ine ndinkangoti inde, inde, uku ndikumva zala za Dona Roza zikuthamanga pafoni.

Tinatsika ku Chimbonila dzuwa lili pamutu, n'kuyenda kanjira kodutsa m'minda ya nyemba. Nkhani inali itafika kale. Amayi tinawapeza pakhomo, manja m'chiuno, ndipo kuseri kwa mpanda kunali mitu ya anansi.

"Wakwatiwa ngati nkhuku, wopanda ankhoswe? Ine mayi wako kumva kwa Roza?"

Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma iwo analira, kulira kwenikweni. Pamenepo nthabwala inandithera. Chinawapweteka sichinali Amade ayi, koma kumva za mwana wawo pakamwa pa wina.

Tomasi anatula chikwama. "Amayi, ine ndili ndi..." Ndinazindikira kuti akufuna kuulula kuti andipulumutse, asanakonzeke, anansi akumvetsera. Ayi, tsiku lake silingadyedwe ndi bodza langa.

"Amayi, musavutike," ndinamudula mawu, "bamboyo anandithawa kale!"

Eee, kukwatiwa m'mawa, masana ukwati watha. Kuseri kwa mpanda wina anati, "Amuna a malole ndi choncho."

Amayi anapukuta maso ndi chitenje. Anandiyang'ana ine, anayang'ana Tomasi, kenaka anayang'ana Saide nthawi yaitali, mpaka mnyamata anayamba kukanda dothi ndi nsapato. Analowa m'nyumba, natuluka ndi mpando umene amasungira abusa, nauika patsogolo pake.

"Mkulu wake wathawa, koma iye wabwera kudzandikumbira mbatatesi. Khalani pansi, mwanangu. Ukwati umatha, ulamu sutha. Pano ndi panu."

Kaya akudziwa, kaya sakudziwa, ine sindinafunse, ndipo pakamwa panga ndinapatseka ndi mbatatesi yowiritsa mpaka madzulo. Ndinali kudziyesa wotsogola chifukwa ndinalandira mlongo wanga mmene alili. Ulendowu unandiphunzitsa kuti kulandira munthu n'kwapafupi, chovuta n'kunyamula nkhani yake osaitaya panjira, pakuti mwini wake yekha ndiye adziwa pokaitula.

Pobwerera tsiku lotsatira, nyumba za Lichinga zitayamba kuoneka, Tomasi anandigwira dzanja.

"Mana, ndidzawauza ndekha. Ndikuona kuti sipatenga nthawi."

"Ndidzakuperekeza," ndinatero, mtima uli myaa.

"Ayi, mana. Tsiku limenelo iwe udzatsale ku Lulimile."