Mkaka wa Paulendo wa Usipa

Mwana wanga wamkazi anamwalira Lachisanu loyamba la mwezi wa Ramadani, nthawi itangopitirira 12 koloko masana, adhana yoitanira anthu ku mapemphero a Juma ikumveka kuchokera ku mzikiti wa kuseri kwa chipatala. Anali atabereka dzulo lake, koma magazi sanasiye. Anamwino anayesetsa, ndinawaona ndi maso anga akuthamanga uku ndi uku, koma Mulungu anali atalemba kale. Ine ndinatsala pa benchi ndi kakhanda kakakazi m'chitenje, kakufunafuna ndi kukamwa pachifuwa panga.

Chaka chilichonse tsikuli likafika timaphika mpunga wa sadaka, ashehe amabwera kudzawerenga mapemphero a duwa, ndipo anthu akabalalika ine ndimakhala pakhonde n'kumaganizira ntchito yanga ya chaka chonsecho. Sukulu sindinapite nayo patali, kulemba kumanditengera nthawi. Chaka chino ndati ndilembebe, poti pali chinthu chimene ndachiona ndipo sichikundichoka m'mutu.

Ntchito yanga ndi yothandiza amayi kuyamwitsa. Sindinachite kuisankha. Maliro aja atatha ndinapita ndi khandalo ku sikelo, ndipo namwino wina wachikulire anandifunsa kuti mwana wanga womaliza anasiya liti kuyamwa. Ndinati ndi kale, ali pasukulu tsopano.

"Amama, tiyeni tikuyezeni magazi," anatero namwinoyo. "Akapezeka kuti ali bwino, mumuike mwanayu kubere."

Ndinaseka ngakhale ndinali wamaliro. "Bere lake liti? Awa ndi matumba opanda kanthu."

"Thumba lopanda kanthu ndi limene timathiramo," anandiyankha.

Anandionetsa kachitidwe kake. Mwana ali kubere, munthu wina azidonthezera mkaka wa m'chitini ndi supuni pamwamba pa bere, uziyenderera mpaka pakamwa pake. Mwanayo amayesa akuupeza m'beremo, ndiye sataya mtima, amangokokabe. Bere limamva kukoka, ndi mmene namwinoyo ananenera. Ashehe anandiuza kuti kusala ndisiye kaye, ndidzabweza. Mwezi wina utaoneka, ndinafinya m'mawa n'kuona timadontho toyera. Mpaka lero ndimadabwa kuti mkaka umenewo unkabisala kuti zaka zonse zija.

Ashehe omwewo anandiuzanso kuti mwana woyamwa bere langa wasanduka mwana wanga, mlongo wa ana anga aamuna, choncho ana a ana angawo, asuweni ake, sangadzamukwatire. Pano mtsikanayu wakula. Asuweni ake akamuseka kuti "mkazi wanga," iye amaimika khosi n'kunena kuti, "Ulemu, ndine azakhali ako."

Nkhani inafala. Anayamba kubwera amayi oyandikana nawo, kenako a ku Chowe, kenako ena otsika ku Namwera panjinga yamoto, mwana kumbuyo. Pakhonde panga pali mkeka, mtsamiro, beseni, sopo, kapu ndi supuni, basi. Mankhwala sindipereka. Kwambiri ndimangoyang'ana mmene mwana akutsegulira kukamwa, ngati chibwano chakhudza bere, ngati akumeza kapena akungonyambita nsonga. Ndikaona bere lafiira ndipo mayi watentha thupi, kapena mwana wafooka, ndimawatumiza kuchipatala nthawi yomweyo. Namwino uja nayenso amanditumizira amayi ofunika munthu wokhala nawo pansi nthawi yaitali, poti iye mzere wake sutha. Obwerawo, amene amanditcha anganga, ndiye kuti agogo, amasiya chimene ali nacho, wina sopo, wina nsomba, wina chinangwa.

Chaka chino ambiri anali a mavuto amene ndinawazolowera. Nsonga zong'aluka, mapasa, atsikana ogwira ntchito m'malo ogona alendo ku Nkopola amene amachoka mbandakucha. Koma mmodzi anandiphunzitsa chinthu chatsopano.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. Kunabwera mtsikana wogula usipa kudooko, amene amauyanika pa thandala n'kukagulitsa ku Limbe. Mwamuna wake ali ku Joni ndipo foni yake imalira mwa apo ndi apo. Mwana wawo woyamba, wamwamuna, anali asanayambe n'kukhala komwe. Mtsikanayu anabwera ndi mayi ake, mzimayi wa msinkhu wanga, wamaso akuthwa, amenenso anachitapo geni ya nsomba kale. Mwana anali m'manja mwa agogo akewo, osati mwa make, ndipo ichi ndinachiona asanakhale pansi.

Nditavundukula mwanayo ndinapeza liwombo lalowa, milomo youma. Anati akutsegula m'mimba. Sindinafunse zambiri, tinakwera njinga kupita kuchipatala. Kumeneko anamuthandiza n'kuwapatsako mkaka wa m'chitini pang'ono, ndipo namwino ananena momveka kuti mwanayu abwerere kubere, phala ndi tiyi asiye. Mayi wamkuluyo anavomera ndi mutu. Titangotuluka pageti anandikoka chitenje.

"Achemwali, zimenezo ayi. Mkaka umenewo ndi wosasa. Ndisaphe mdzukulu wanga ndikuona."

Ndinawauza kuti abwere kwathu m'mawa tidzakambirane. Mtima unali m'mwamba, chifukwa mkaka wa m'chitini sakanaukwanitsa kwa miyezi, ndipo mwana wamng'ono choncho akangodalira phala lamadzimadzi m'nyengo yotentha, ndinadziwa kumene zimathera.

Atabwera, mtsikanayo anafotokoza. Ulendo wa ku Limbe unali woti agona kumodzi, koma usipa unachuluka pamsika, wake sunayende, ndipo anakhalako masiku angapo. Pobwera, mayi ake anamuletsa kuyamwitsa. Kwathu kuno timakula tikumva kuti mayi akagona kutali ndi mwana, mkaka umasasa m'bere. Kuyambira pamenepo panali patadutsa sabata ndi kanthu mwana asanayamwe.

Ndinamupempha mtsikanayo kuti ndione mabere ake. Pansi pa bulauzi anali atamanga chitenje chopindapinda, cholimba ngati akumanga katoni ya nsomba. Atamasula, pakhungu panatsala mizere.

"Iwe, unamangiranji chonchi?"

"Unkadontha, anganga. Mu lole, pamsika, paliponse."

"Bwanji sunkafinya?"

Anayang'ana mayi ake, kenako pansi. "Pamsika paja nyerere ndi zambiri. Amama anati mkaka ukagwa pansi nyerere n'kunyambita, bere limauma, silibwereranso."

Mawu awiri onsewo ndinawamva ndili mtsikana, koma ndinali ndisanawaone atapanikiza munthu mmodzi uku ndi uku. Paulendo asafinye chifukwa cha nyerere. Pobwera asayamwitse chifukwa wasasa. Mwana wa munthu anamvera zonse ziwiri, ndipo bere linali pafupi kuuma ndithu, popanda nyerere ngakhale imodzi.

Mayi wamkuluyo anayamba ndiye kundifunsa. "Achemwali, mkaka wa ng'ombe mukausiya m'botolo tsiku lonse dzuwa ili, umatani?"

"Umasasa."

"Nanga wa munthu ndi wa mngelo?"

Ndinayesa kunena za ine, kuti bere langa linakhala zaka osayamwitsa koma mdzukulu wanga ndi uyo akuthamanga. Anandidula.

"Za inu tinamva. Koma lanu linali louma. La uyu ndi lowonongeka. N'zosiyana."

Apa ananena zomveka, ndipo inenso ndinafuna kudziwa. Kodi mkaka umatani ukakhala m'bere osatuluka? Zaka zonsezi ndinali ndisanadzifunse. Ndinati, "Sindikudziwa. Tiyeni tiuone."

Ndinafunditsa madzi, n'kuika kansalu kofunda pabere, n'kumuonetsa mtsikanayo pogwira, osati kunsonga koma kumbuyo pang'ono. Unatuluka wochepa kwambiri, wokhuthala, wachikasu pang'ono, wongokwana kunyowetsa pansi pa kapu. Ndinanunkhiza, sunali ndi fungo. Mayi wamkuluyo analanda kapu, n'kuviika chala, n'kulawa. Nkhope inachita makwinya.

"Wamchere."

"Wowawasa?"

"Ndati wamchere. Lawani nokha."

Ndinalawa kadontho. Unali wamchere ndithu, koma osasasa ayi.

Mtsikanayo, amene anali asanamwetulire chifikireni, anati, "Amama, mwayamwatu. Ashehe akamva, ndinu mwana wanga tsopano."

"Khala chete, wamwano iwe," anatero mayi ake, koma anaseka mpaka anapukuta maso ndi mpango.

Masana omwewo ndinapita kwa namwino uja kukafunsa za mcherewo. Anati zimatero bere likakhala osakhuthulidwa, mkaka umachepa n'kusintha kakomedwe, koma si poizoni, ndipo mwana akayambanso kukoka umabwerera mwakale. Ndiye kuti akuluakulu akale aja analawadi kanthu. Anangokatcha dzina lina.

M'mawa mwake sindinawauze mayiwo kuti alakwa, chifukwa lilime lawo linali litawauza kale kuti mkakawo wasintha. Ndinati tichite chonchi: nthawi iliyonse mtsikanayo ayambe wafinya madontho oyamba m'kapu, inu muone ndi maso anu kuti woipawo wachoka, tiuthire m'beseni la madzi kuti nyerere zisaupeze. Akatero mwana akoke, uku tikudonthezera ndi supuni mkaka umene anakupatsani kuchipatala. Ndipo wolawa tsiku ndi tsiku mukhale inuyo.

"Ukakhalabe wamchere?"

"Mudzandiuza, tidzapita limodzi kwa namwino."

Mayiwo anagwedeza mdzukulu wawo pang'ono. Kenako anamupereka kwa make. Aka kanali koyamba kuona mwanayo m'manja mwa mtsikanayo.

Mwana sanafune. Anali atazolowera supuni, ndiye akamuika kubere ankapinda msana n'kulira mpaka kufiira. Make nayenso analira, akuti mwana wamuiwala. Ndinamuuza avule bulauzi, amuvulenso mwanayo, amugoneke pachifuwa khungu kukhungu, ndiwafunditse chitenje, asamukakamize. Tinakhala choncho m'mawa wonse, ine ndikusenda mtedza. Pamene mwanayo anali pakati pa tulo ndi maso anatembenuza mutu yekha, n'kugwira. Supuni inali m'dzanja langa, koma mayi wamkuluyo anati dzanja langa likunjenjemera, n'kuilanda. Silinkanjenjemera. Ndinawasiya.

Ankabwera m'mawa uliwonse, ndipo kunyumba ankachita chimodzimodzi. Masiku oyamba mayiwo akalawa ankangoti, "Mchere," ngati akudandaula ndiwo za mpongozi. Ine ndinkaopa kuti atopa n'kubwerera kuphala, poti mwana ankalirabe njala ndipo zotuluka m'bere zinali zochepa. Kunali tsiku lina limene sanabwere. Ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kutentha, kenako ndinavala mpango n'kuwalondola. Ndinapeza mayiwo atakhala pamkeka, supuni m'dzanja, mwana ali kubere. Anati sanaone chifukwa choyendera mtunda wonsewo pamene ntchitoyo aidziwa kale.

"Nanga lero mwalawa?"

"Ndalawa."

"Uli bwanji?"

Sanandiyang'ane. "Ukuyamba kutsekemera. Pang'ono. Musati munyade."

Ndinagwada pafupi n'kutchera khutu pakhosi pa mwanayo. Ankameza, kumeza kwenikweni, ngakhale supuni itaima. Patapita masabata angapo supuni inaikidwa padera, ndipo ku sikelo namwino anati mwana wayamba kukwera.

Panatsala nkhani ya geni, chifukwa usipa sudikira munthu ndipo pakhomo pamafunika chakudya. Mtsikanayo anandifunsa kuti akapitanso ku Limbe atani. Ndisanayankhe, mayi ake anati ku Limbe apita okha. Anati msikawo anaudziwa mtsikanayo asanabadwe, ndipo ogula a kumeneko sangawapusitse ngati mmene amapusitsira ana. Mtsikanayo azigula kudooko ndi kuyanika, mwana ali kumbuyo. Mpaka pano akutero. Mayiwo akabwera amandipatsa moni ndi kambale ka usipa, n'kundifunsa ngati dzanja langa linasiya kunjenjemera.

Chimene chinatsala m'mutu mwanga ndi chitenje chija. Ndinadzifunsa kuti ndi angati ena amene amamanga choncho. Tsiku lina m'mawa ndinapita kumene amayi amayanika nsomba n'kuyamba kufunsa. Poyamba anandiseka, wina anati, "Anganga a mkaka abwera kudzatiyendera m'mabulauzi." Kenako wina anakweza bulauzi pang'ono n'kundionetsa mizere yake. Wina anati mwana wake anasiya kuyamwa asanakwawe chifukwa cha ulendo umodzi. Wina, wochokera kumalire a Mozambiki, anati kwawo saopa nyerere koma moto, kuti mkaka usadonthere pa makala. Zaka zonsezi ndinkadikira pakhonde anthu obwera mavuto atakula kale, osadziwa kuti ena amayambira pa lole.

Za nyerere sindinayese, ndipo sinditsutsa munthu. Mwina tsiku lina ndidzadziwa kumene mawuwo anachokera, monga ndadziwira za mchere. Ine ndimangoti, tenga kapu ya chivindikiro, bere likalemera pita kuseri ukafinye, ukathire pampopi pamene madzi akuyenda, ndipo usamange. Ukafika kunyumba samba, muike mwana. Ngati kunyumbako kuli agogo okayika, apatse alawe.

Sadaka ya chaka chino yatha dzulo, miphika tabweza kwa eni ake. Tsopano tsiku loti malole apakira mawa lake ndimapita kumathandala m'mawa ndi makapu a chivindikiro m'jumbo, n'kuphunzitsa amayi oyamwitsa kufinya asananyamuke. Masiku enawo ndimayala mkeka pakhonde panga n'kuthandiza amene wabwera.