Bawuti Imodzi ya Rex Wamadishi

Anzanga, digiri yanga ya Economics inandibweza kwathu ku Nchalo kukadikira ntchito pansi pa mtengo wa masau. Ndiye ababa anagula dishi kuti azionera mpira, ndipo amene anabwera kudzaimanga anali mnyamata wina, Rex.

Iye padenga, thukuta kamukamu. Ine pansi, ndagwira makwerero.

"Mukulozetsa chiyani kumwambako, achimwene? Ine ndikungoona dzuwa."

"Kuli setilaiti, Mervis. Makilomita 36,000. Imazungulira limodzi ndi dziko, ndiye imakhala pamwamba pa malo omwewo. Siyisuntha." Kenako anandiyang'ana. "Ngati mtima wanga."

Zaka zinayi ku yunivesite, anzanga, koma ndinagwa ndi mawu a padenga!

Sabata isanathe kamphepo kanawomba, TV n'kulemba No Signal. Rex anabwera, anakhotetsa dishi pang'ono, n'kundisiyira nsomba zouma za ku Elephant Marsh. Mphepo ina, ulendo wina, nsomba zina...

Ababa anatopa.

"Iwe Rex, setilaiti yako yosasunthayo bwanji ikuthawa mphepo ikangowomba?"

"Mphepo ya kuchigwa kuno ndi yamwano, bambo."

Ine m'mapemphero ndinkangopempha mphepo. Anali atalonjeza kuti Disembala amalume ake abwera kwathu kudzandifunsira ukwati.

Tsiku lina mu minibasi ya ku Bangula ndinakhala ndi mtsikana wochezeka wa komweko, Jesinta. Foni yake inalira, iye n'kumwetulira mano onse.

"Ndi bae wanga, wamadishi. Yathu imavutavuta, ndiye amabwera pafupipafupi. Amati mtima wake uli ngati setilaiti."

"Ya makilomita angati, asisi?"

"36,000! Mwadziwa bwanji?"

"Ndinaphunzirako."

Nditafika kunyumba ndinatenga sipanala ya njinga ya ababa, n'kukwera padenga ndi chitenje changa chomwe. Kuseri kwa dishi, bawuti imodzi inali yosamanga, yotembenuka ndi zala. Ndinaimanga mpaka dzanja kuchita dzanzi.

Loweruka kunawomba chimphepo chogwetsa mapapaya. Mpira unaoneka bwinobwino, ababa akukuwa zigoli.

Foni inalira. Anali Rex.

"Babe, signal ili bwanji?"

"Yadzaza. Takhuta."

"Ndibwere ndidzaione?"

"Pitani ku Bangula, achimwene. Kumeneko kukuwombanso."

Ndinalira masiku awiri, kenako ndinadya nsomba zotsalazo.

Setilaiti ija sinandinamize, ikadali pomwe paja. Koma anzanga, mwamuna akamabwerabwera kudzakonza chinthu chimodzimodzi, musamangomugwirira makwerero. Kwerani mukaone nokha.