Sabata Yosaina ya Tadala

Tsiku limenelo ku Newcastle kunkagwa kamvula kowaza kaja kosaleka, ndipo mphepo inkagwedeza mawindo a ofesi. Ndimakumbukira makina ojambulira mapasipoti akulira kuti pii, pii, ndi nsapato zonyowa za ophunzira pamzere. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera kumudzi, kokaika mkazi wanga Esnati.

Ntchitoyo anandipezera ndi Esnati yemweyo. Iye anali namwino, ndipo mnzake wa kuchipatala anamuuza kuti koleji ina ikufuna kalaliki mu ofesi ya ophunzira ochokera kunja. Inali ntchito yanga yoyamba nditamaliza maphunziro. Teremu iliyonse, wophunzira wokhala pa viza ankayenera kubwera yekha kudzasaina. Ndinkalandira pasipoti, kuyerekeza nkhope ndi chithunzi, kuiika pa makina, kenako kufunsa ngati wasamuka nyumba. Wosabwera ankalandira imelo, kenako ina yomuchenjeza. Akapanda kuonekerabe, ndipo m'kalasinso akujomba, dzina lake linkapita kwa bwana wanga, Mayi Pauline, amene ankadziwitsa a boma oona za olowa m'dziko. Tsiku langa loyamba pa ntchito, Mayi Pauline anandiuza kuti, "Kompyuta iyi simva zifukwa. Imangodziwa amene wabwera."

Esnati atamwalira, Amalawi a kumpingo anadzaza m'nyumba mwanga monga timachitira kwathu. Mmodzi mwa iwo anali Tadala, mtsikana wa ku Zomba wophunzira pa koleji yomweyo. Ankaphika, kutsuka mbale, kulandira odzapepesa. Nthawi yoperekeza thupi kumudzi itakwana, panasowa wotsala ndi ana anga awiri, poti aliyense anali ndi mashifiti. Tadala anadzipereka, koma anatchulako kuti sabata yosaina yayandikira. A Phiri, mkulu wa mpingo, anamudula pakamwa. Anati wosainitsayo ndiye mwini maliro, ndiye angaiwale bwanji kumene Tadala ali? Ine ndinali pampando pomwepo. Ndinamva, n'kungogwedeza mutu.

Kumudzi ndinachedwako. Kuno mwana wanga wamng'ono anadwala, ndipo Tadala anasiya makalasi kuti amusamalire. Maimelo ankawaona, koma mtima wake unali m'malo, poganiza kuti ine ankolo ake, monga ankanditchulira, ndikudziwa.

Tsiku la mvula lija ndinamuona ali pamzere pamodzi ndi a Phiri. Nditaika pasipoti yake pa makina, dzina lake linatuluka lofiira.

"Ankolo, akuti dzina langa linapita kale ku boma," anatero motsitsa mawu.

A Phiri anaweramira pa tebulo n'kundinong'oneza kuti ndingobweza deti, zioneke ngati anabwera pa nthawi yake. Anandikumbutsa kuti mwanayu anatsuka mbale za maliro a mkazi wanga. Zala zanga zinali pa kompyuta. Anthu a pamzere ankatsokomola.

"Bambo, sindingalembe kuti anabwera pamene sanabwere," ndinawayankha. "Ndiloleni ndikanene zoona kwa abwana."

Mayi Pauline anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula magalasi. Anandiuza kuti pali chilolezo chimene amapereka kwa wophunzira amene wagwa m'mavuto, ndipo ine ndinkachidziwa bwino, chifukwa ena ndinkawathandiza kuchipempha. "Mukanandiuza mawu amodzi musanakwere ndege," anatero. "Tsopano lipoti linapita kale."

Tinalemba makalata opempha kuti aganizirenso, ine ndikuchitira umboni, koma sizinathandize. Viza ya Tadala inafupikitsidwa, ndipo ananyamuka asanamalize maphunziro. Pa siteshoni sananene kanthu za mlanduwo. Anangondiuza kuti wamng'onoyo ndisamamulole kutuluka panja tsitsi lili lonyowa. Anawo anamutsanzika m'Chingerezi, akulira.

Kumpingo moni unasowa. Amayi ena ankati ndinadya za m'manja mwa mwanayo kenako n'kumugulitsa kwa azungu. A Phiri anauza anthu kuti mpando wa mu ofesi unandiiwalitsa kwathu, koma za mawu awo aja a pamaliro sanatchulepo. Lamulungu lililonse ndinkakhala kumbuyo ndi ana anga, benchi yonse ili yathu.

Sindinadziteteze. Pa nkhani yobweza deti sindinalakwe, ndipo ngakhale lero ndingakanenso. Koma tsiku lija pamaliro ndinagwedeza mutu, mwana n'kukhulupirira. Zimenezo ndimapita nazo kwa Mulungu mpaka pano.

Ntchitoyo ndidakaigwirabe. Mmalawi aliyense akafika pa tebulo langa, ndimamubwezera pasipoti n'kumuuza m'chilankhulo chathu kuti sabata yosaina ikafika abwere, ngakhale maliro atakhala a m'nyumba mwanga. Ena amaseka, kuganiza kuti ndi nthabwala.

A Phiri anakalamba, ndipo masiku ano ndine ndimawatengera ku tchalitchi pa galimoto. Sanapepesepo, ndipo amayi aja nawonso sanapepese. Ine ndinawakhululukira.