Mwala pa Mapepala a Dokotala

Mpaka lero ndikagwira pepala lonona mafuta a mandazi, mphuno imandibwezera kuseri kwa nyumba yathu pa Mzimba Boma, kumene utsi wa mbaula ya amayi unkadutsa mpanda wa udzu n'kukalowa kwa a Dokotala, iwo n'kutsokomola kawiri osadandaula. Dzina lawo lenileni linatikanika kutchula, choncho tonse tinkangoti a Dokotala. Anabwera kuthawa nkhondo kwawo, ali okhaokha ndi bokosi limodzi lachitsulo. Kuchipatala sankawalola kugwira ntchito chifukwa masatifiketi awo anapsa pankhondopo, koma Loweruka ankakwera minibasi ya ku Champhira kukapapasa makosi a amayi otupa chithokomiro, kuwafunsa za mchere umene amadya ndi madzi amene amamwa, n'kulemba zonse. Kafukufuku ameneyu anamuyambira kwawo, ndipo zolemba zake n'zimene zinadzaza bokosi lija.

Chaka chilichonse mvula ikatha ankayanika mapepalawo pamphasa poopa chiswe ndi chuku, mulu uliwonse ataupsinja ndi mwala.

Ine ndinali Sitandade 5, ndipo sukulu ikatsekera ndinkagulitsa mandazi a amayi padepoti. Pa Boma panali chizolowezi chakuti amesenjala a m'maofesi ankasiya mapepala otha ntchito panja, atawapsinja ndi mwala, kuti ogulitsafe titole okulungira malonda. Kwa ife mwala pa pepala unkatanthauza kuti tengani. M'mawa wina zokulungira zitatithera, ndinaona mphasa pafupi ndi pobooka pa mpanda, a Dokotala atapita kumpope. Mapepala ake anali achikasu, olembedwa m'Chifalansa chimene palibe ankachimva. Ndinanyamula mulu umodzi n'kuthamanga, ndikudziona wochenjera kuposa ana onse a padepoti.

Masana a Dokotala anabwera kudzagula mandazi awiri monga mwa masiku onse. Ndinawakulungira mwaulemu wonse, mpaka kugwada. Iwo anayang'ana pepalalo, naliyang'ananso, kenako bambo wamkulu wa imvi anakhala pansi pafumbi, mandazi n'kugubuduka.

"Mwanangu, enawo ali kuti?"

"Ndakulungira anthu," ndinayankha.

Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira. A Jere, opalasa kabaza amene a Dokotala anathandizapo mayi awo, atamva nkhaniyo anaomba m'manja kuitana anzawo. "Adada, dzukani pansi, ndapota. Mbwenu tiwasaka tonse, Boma si yaikulu chomene." Njinga zinamwazikana. Mapepala anayamba kubwera, ena kuchokera m'ngalande, ena kudzala la kumsika, lina mayi wina analitulutsa m'chitenje atalipinda kanayi, lina mkulu wina anali atang'ambako kale kuti apichire fodya. A Dokotala ankalandira lililonse ndi manja awiri n'kuthokoza kuti yewo. Pakona pa pepala lililonse panali nambala, ndipo pofika madzulo onse anali atapezeka kupatula limodzi.

Amayi atamva anathyola kamtengo ka pichesi. A Dokotala anaima pobooka pa mpanda paja nati, "Musam'menye, amayi. Mwanayu wawerenga mwala mmene munam'phunzitsira. Ndine amene sindinaphunzire chilankhulo cha miyala ya kuno. Mawa abwere ndi simbi."

Tinasita mapepalawo masiku awiri, nsalu pansi nsalu pamwamba, m'nyumba monse mukununkha makala ndi mafuta otentha. Mafutawo sanachoke, anangopangitsa mapepala kuonekera ngati galasi lakuda ndi utsi. Tsiku lachiwiri ndinalimba mtima n'kufunsa chimene chinali pa pepala losowalo, ndikuganiza kuti mwina angalembenso.

"Mawu ake ndikuwadziwa pamtima," anatero. "Koma onsewa ndi dzanja langa. Limenelo lokha analemba ndi mkazi wanga, tsiku limene ndinavulala chala. Anali namwino. Sanafike nane pamalire." Anaphimba simbi, naonjeza kuti, "Chithunzi chake ndilibe. Ndinali ndi zilembo zake."

Ndinalira mpaka iwo ndi amene anayamba kunditonthoza, ndipo manyazi a zimenezi sananditherebe. Kwa miyezi ingapo ndinkayenda chowerama pa Boma ponse, kutembenuza pepala lililonse la m'njira, anzanga n'kumanditcha nkhuku ya padzala. Mvula yoyamba itagwa ndinasiya.

A Dokotala anamwalira ndili Folomu 3, ndipo anaikidwa kumanda a tchalitchi, a kabaza atanyamula bokosi la maliro mosinthana chifukwa wachibale panalibe. M'thumba la jekete lawo munapezeka kalata yakuti bokosi lachitsulo lija apatse mwana wa mandazi. Nditalitsegula ndinapeza kuti pamalo pa pepala losowa anaikapo loyera, lopanda cholembedwa chilichonse koma nambala pakona.

Bokosilo ndili nalo. Mvula ikatha ndimayanika mapepala pakhonde, koma mwala sindiikapo. Ndimakhala pompo, ntchito zina zonse zidikire. Chaka chino mwana wanga wamkazi, amene amajambula pa chilichonse chimene wapeza, anasolola loyera lija pamulu.

"Amayi, ili n'lopanda kanthu. Nditenge?"

Ndinam'gwira dzanja msanga kuposa mmene ndinkafunira. "Bwezera pomwe walitenga, mwanangu. Limenelo ndi la akazi awo a Dokotala."