Phewa la Amayi M'nyengo Yosoka Fodya

Botolo lija linali loyera, lapulasitiki, ndipo akalifinya linkatulutsa mafuta oterera ngati therere. Ndinaliona koyamba ndili Sitandade 4, tsiku limene anamwino anapaka mafutawo pamimba pa amayi n'kuyendetsapo kachitsulo kolumikizidwa ku makina. Anayang'ana pagalasi kwa nthawi yaitali, kenako anasiya kuseka. Mwana amene tinkamuyembekezera uja sanafike kunyumba.

Chaka chotsatira, fodya atayamba kukhwima kwathu kwa Wimbe, phewa lamanja la amayi linayamba kuwawa. Ankathyola masamba m'mawa, masana n'kumawasoka, madzulo n'kukweza mikangala yolemera, mitengo yopachikapo fodya wosoka, m'chigafa. Manja awo ankakhala akuda ndi utomoni, ndipo ngakhale madzi akumwa ankanunkha fodya. Tsiku lina analephera kumanga duku. Ndinawamangira ine.

Kuchipatala cha ku Boma anatitumiza kuchipinda cha anthu owongola ziwalo. Ndinkawaperekeza Loweruka lokha, poti masiku ena ndinali kusukulu. Adokotala ake anali bambo wachinyamata wokonda nthabwala. Kenako anatulutsa botolo longa lija. Ndinakhala pabenchi nditakumbatira chitenje cha amayi, maso ali pankhope ya adokotala, kudikira kuti asiye kuseka. Ndinkadziwa chinthu chimodzi chokha: makina a mafuta amapeza zakufa m'kati mwa munthu.

Kachitsulo kankazungulira paphewa pang'onopang'ono. Sikankalira. Kusalira kumeneko n'kumene kankandiopsa kwambiri. Ndinali mwana wamanyazi, woti aphunzitsi akandiloza ndinkayang'ana pansi, koma tsiku limenelo mawu anatuluka okha: "Mwaonamo chiyani?"

Adokotala anaseka. "Makina awa saona kanthu, achemwali. Amangotumiza kamawu kosamveka ndi khutu, kakatenthetse mnofu m'kati kuti upole." Kenako anatembenukira kwa amayi. "Koma mkonowu upume, mayi. Mukamakwezabe zolemera, tikungotunga madzi ndi dengu."

"Ndamva, adokotala," anatero amayi.

Sindinawakhulupirire adokotalawo. Madzulo ndinalemba m'kope langa kuti mwina anaona chinachake koma akutibisira. Loweruka lililonse ndinkawerenga nkhope yawo ngati mayeso, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayamba ndamvetsera ngati amayi akupuma. Lero ndikaganiza ndimadzimvera chisoni: mantha anga onse ndinawathera pa chinthu chokhacho chimene chinkawathandiza.

Amalume, amene tinkalima nawo munda umodzi, anabwera madzulo ena tikusoka. "Fodya sadikira wodwala, mlongo. Mwanayu ayambe wapuma sukulu mpaka titamaliza." Amayi sanadzutse mutu. Anabaya tsamba lina ndi singano, n'kunena kuti, "Mkono wachira. Makina aja ngamphamvu."

Ndinasangalala kwambiri, mpaka ndinakagona ndikuyimba. M'mawa mwake ndinavala yunifolomu, ndipo podutsa pachigafa ndinawaona ataima pampando, akukweza mkangala ndi manja onse awiri, ataluma mlomo wam'munsi. Ndinawabayibitsa. Anandiyankha ndi mutu wokha.

Mpaka lero mkono umenewo sufika pamwamba pa mutu wawo. Koma m'mawa umene uja ndinathamangira kusukulu mtima uli mbee, ndikuganiza kuti choopsa chonse tinachisiya ku Boma, ndipo sindinadzifunse chifukwa chake munthu wochira ankaluma mlomo.