Limu ya Yohane yapezeka ku parishi

Mwaswera bwanji nonse.

Lero itatha Misa, Bambo Mfumu atsegula chipinda chosungiramo zinthu zakale za parishi yathu kuno ku Kabwata. Muli zikho, mitanda yosema ndi mikanjo ya ansembe oyamba. Koma ine ndaima pa limu ya gudumu la lole, ija inkalendewera pa mtengo wa mango tisanagule belu.

Ankaiimba ndi mkulu wanga, malemu Yohane. Pamene ankamenyapo ndi chitsulo pakadali polowa m'kati. Ikalira masana, ine ndi ndevu zangazi ndinkathamangira kusukulu ya akuluakulu kukaphunzira kulemba dzina langa.

Ndaigogoda pang'ono ndi chala. Mtsikana woyang'anira, ponditcha agogo m'chikwawo, akuti, "Ba shikulu, sitigwilako." Kenako wandifunsa ngati ndikudziwa amene ankaiimba, chifukwa palibe akukumbuka.

Ndamuuza kuti anali Yohane. Tsopano a ku parishi akupempha chithunzi chake kuti achiike pamenepo. Chilipo chimodzi chokha, chija cha ukwati chili kuchipinda kwanga, ndipo chikapita sichibwerera.

Za Yohane sindingagamule ndekha, mukudziwa kuti iye ndi ine sitinasiyane bwino. Inu ana ake, Agnesi ndi Petulo, ndipereke ku parishi kapena ndikubweretsereni ku Chelstone?